Nkhokwe ya m'mudzi kuno ku Mulanje: kayambitsidwe kake ndi pamene zimavutira

Ikangofika Disembala funso limakhala lomwelomwelo: "Kodi nkhokwe ya m'mudzi ija tingaiyambe bwanji?" Amafunsa a komiti ya chitukuko, amafunsa amayi a banki m'khonde, amafunsanso akuluampingo. Yankho loyamba silikoma kumva: mwachedwa. Nkhokwe siyambika pamene chigoba cha chimanga chakwera kale mtengo pa Limbuli ndi pa Chitakale. Zokambirana zimayamba mu Febuluwale, chimanga n'kudzalowa mu Meyi ndi Juni. Ndalemba zonse pano kuti wofunsa aziwerenga yekha.

Tiyambe tamvana mawu. Sitikunena nkhokwe yoluka ndi nsungwi ija yoima pabwalo, poti masiku ano ndani angagone tulo chimanga chili panja? Tikunena chipinda chokhoma, sikelo, buku ndi malamulo. Mabanja amasonkha chimanga pokolola, chimasungidwa pamodzi, ndipo m'miyezi ya njala amabwereka n'kudzabweza ndi kachiwongoladzanja kochepa. Amabungwe ena amaitcha banki ya chimanga. Kuno malo ambiri achonde ali ndi tiyi, minda ya mabanja ndi tizigawo, ndiye kwa ambiri chimanga chimatha mvula isanagwe. Zikatero munthu amasiya munda wake uli thengo n'kukapalira wa mnzake pa ganyu, kapena amakatenga katapila, ndipo njala ya chaka chamawa yayambira pomwepo. Ntchito ya nkhokwe ndi yoti munthu akhale m'munda mwake mu Januwale.

1. Werengani mabanja, musayambe ndi mudzi wonse

Mabanja 30 mpaka 50 odziwana ndi okwanira. Akapitirira pamenepo anthu samadziwana minda, ndipo wobisa zokolola sagwidwa. Werengani kadyedwe: banja la anthu asanu, aliyense akamadya magalamu 400 patsiku, limamaliza makilogalamu 60 pamwezi. Thumba la makilogalamu 50 silifika kumapeto a mwezi. Choncho musalonjeze anthu kuti nkhokwe idzawadyetsa nyengo yonse ya njala. Chaka choyamba imangotseka masabata awiri kapena atatu ovutitsitsa, ndipo anthu auzidwe zimenezi poyera.

Polemba mamembala, lembani dzina la mayi. Kuno ndi kwa chikamwini. Banja likatha bambo amanyamula kachikwama kake n'kubwerera kwawo, ena amapita ku Joni kapena kuwoloka pa Muloza kulowa ku Mozambique, ngongole n'kutsala yopanda mwini. Munda ndi ana zimatsala ndi mayi.

2. Pangani malamulo chimanga chisanalowe

Malamulo opangidwa anthu ali ndi njala amakhala okondera. Khalani pansi pamaso pa amfumu, muitanenso mlangizi wa zaulimi wa dera lanu, ndipo mulembe zinthu izi: msonkho wa banja lililonse, tsiku lotsegula, malire a ngongole, chiwongoladzanja, tsiku lobweza, chilango cha wochedwa, ndi amene adzalandire mwaulere.

Tiyerekeze mabanja 40, lililonse lasonkha makilogalamu 25. Mwapeza makilogalamu 1,000, omwe ndi matumba 20. Agaweni patatu: matumba 14 obwereketsa, anayi opereka ulere kwa okalamba, odwala nthawi yaitali, ana okhala okha ndi phala la ku sukulu ya mmera mpoyamba, ndipo awiri osakhudza, a maliro ndi ngozi. Wobwereka makilogalamu 50 abweze 60. Tsono werengani bwino: matumba 14 aja akubala makilogalamu 140 okha, pamene mwapereka ulere makilogalamu 200. Ngakhale aliyense atabweza, nkhokwe yachepa. Magulu ambiri saona masamu amenewa mpaka chaka chachitatu, kenako amayamba kulozana zala kuti wina akuba. Ikani kamsonkho ka chaka ndi chaka, mwina makilogalamu asanu pa banja, kapena pemphani amfumu kadimba kolima pagulu.

Muyeso ukhale wa sikelo. Ndowa imabweretsa mkangano, chifukwa ndowa ya malita 20 yosalaza pamwamba ndi yosefukira zimasiyana ndi makilogalamu angapo, ndipo pali ndowa zophwanyidwa dala m'mbali. Gulani sikelo yolendewera, muziiyesa ndi chigubu chodzaza madzi malita 20, chomwe chiyenera kuonetsa makilogalamu 20 ndi kulemera kwa chigubucho. Sikelo yolandirira ikhale yomweyo yoperekera.

3. Komiti ndi makiyi

Anthu asanu kapena asanu ndi awiri, oposa theka akhale amayi, ndipo pasapezeke awiri ochokera mbumba imodzi. Chitseko chikhale ndi maloko atatu, makiyi ake kwa anthu atatu osiyana, kuti chisatseguke popanda onse. Mlembi asasunge kiyi. Amfumu asakhale mu komiti ndipo asasunge kiyi, osati chifukwa chowakayikira, koma chifukwa mudzawafuna kuti aweruze milandu ya nkhokweyo. Woweruza sangakhalenso woimbidwa mlandu.

4. Chipinda

Cha njerwa zowotcha, malata osadontha, pansi pa simenti ngati n'kotheka, pamalo okwera. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa kuti nyumba ya m'mbali mwa mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila kapena pakhwawa lotsika m'phiri si posungira chakudya cha mudzi. Chipinda cha kutchalitchi, kumzikiti kapena kusukulu chimaposa cha m'nyumba ya munthu. Matumba asagunde pansi kapena khoma: yalani mitengo pa njerwa ngati thandala, musiye mpata woti munthu adutse kuzungulira. Tsekani maenje a makoswe ndi simenti. Feteleza, palafini ndi mankhwala a m'munda asalowemo.

5. Kuumitsa, mdani wake chiperoni

Malangizo olembedwa ndi anthu a kuzigwa zotentha amangoti "umitsani bwino". Kuno mawu amenewo sakwanira. Nthawi yoyanika chimanga imakumana ndi chiperoni, mitambo ija yotsika ndi kamvula kowaza ndi chisanu, yomwe imatha masiku angapo dzuwa osaoneka. Chimanga chimaoneka chouma kunja mkati chili ndi madzi. Chikalowa m'thumba chotero chimatentha, chimagwira chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Kuphika sikumupha. Kukonola ndi kuviika kumangochepetsako.

Chinyezi chofunika posunga ndi 13 pa 100 iliyonse kapena kutsikirapo. Ngati ku ofesi ya zaulimi kuli kachipangizo koyezera, bwerekani. Ngati kulibe, gwiritsani ntchito mchere. Yambani mwaumitsa mcherewo pa chiwaya, uzizire. Tengani botolo lagalasi louma, thiranimo chimanga mpaka gawo limodzi la magawo atatu, onjezani masipuni aakulu awiri a mchere, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, musiye kwa mphindi 15, mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho n'chachiwisi. Ukapanda kumatirira, chinyezi chatsika kufika cha m'ma 15, ndiye chiyanikeninso tsiku limodzi kapena awiri a dzuwa lenileni kuti mukhale ndi mtima m'malo. Kuluma njere kumathandiza, youma imasweka mwamphamvu ndipo yaiwisi imaphwatalala, koma mano a anthu amasiyana, ndipo pa mlandu mano si umboni.

Yanikani pa lona kapena pamphasa, osati padothi, mokhuthala osapitirira zala zitatu, muzitembenuza maola awiri alionse. Chotsani padzuwa kusanayambe kuzizira madzulo, chizizire pamthunzi musanathire m'thumba. Petani, sankhani zowola ndi zofumbwa. Lamulo likhale loti komiti imalandira chimanga chotonola, chopeta ndi chopambana mayeso a mchere basi. Makilogalamu 50 a chimanga cha chinyezi 20 pa 100 akauma bwino amatsala pafupifupi 46. Mukalandira chachiwisi mwagula madzi.

6. Nankafumbwe

Njira zotetezera chimanga kwa nankafumbwe ndi ziwiri, sankhani imodzi pa thumba lililonse. Yoyamba ndi matumba osalowa mpweya monga a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Uzirani mpweya pulasitiki iliyonse muone ngati yabowoka, thirani chimanga, finyani mpweya wotsala, potani kukamwa n'kumanga pulasitiki yoyamba payokha, yachiwiri payokha, saka payokha. Tizilombo timafa posowa mpweya, mankhwala safunika. Thumba lotere silibayidwa ndi chitsulo choonera chimanga ndipo silitsegulidwatsegulidwa. Khoswe akaliboola latha ntchito, ndipo chimanga chachiwisi chimaoleramo msanga kuposa m'saka wamba.

Yachiwiri ndi mankhwala a ufa monga Actellic kapena Shumba. Gulani m'sitolo yovomerezeka, botolo likhale losatsegula, onani tsiku lothera mphamvu, tsatirani muyeso wolembedwa pa botololo. Ufa wogula m'timapepala pamsika ungakhale wosakaniza ndi phulusa. Sakanizani pa lona ndi fosholo, potembenuza muluwo katatu, mutatseka mphuno ndi pakamwa. Kuwaza pamwamba pa thumba ndi kutaya ndalama. Mapilitsi ophera nankafumbwe otulutsa mpweya wa poizoni aja asiyeni kwa akatswiri, amapha anthu ogona pafupi.

Milungu iwiri iliyonse a makiyi atsegule chipinda pamaso pa mamembala awiri wamba. Awerenge matumba, anunkhize, apise dzanja pakati pa masaka wamba kumva ngati mukutentha, ayang'ane kaufa pansi. Kaufa kambiri ngati ka pachigayo ndi chizindikiro cha nankafumbwe wamkulu, amene amaboola ngakhale mitengo ya thandala.

7. Tsiku lotsegula

Anthu adzayamba kugogoda mu Okutobala. Limbani mtima. Nthawi imeneyo kukadali nandolo wogulitsa, makaka, kalongonda ndi mango akubwera. Mukatsegula msanga nkhokwe idzakhala mbee mu Febuluwale, mwezi umene ana amagona ndi madeya. Tsegulani kawiri, pakati pa Januwale ndi pakati pa Febuluwale, theka theka. Gawirani masana, pabwalo, dzina likuitanidwa mokweza, wolandira asayine kapena adinde chala. Mndandanda wa olandira ulere uvomerezedwe ndi msonkhano wonse mu Novembala, ndipo onani amene ali kale pa Mtukula Pakhomo kapena pa chimanga cha boma kuti thandizo lisaunjikane khomo limodzi.

8. Kubweza

Apa ndi pamene nkhokwe zambiri zimafera, ndipo malangizo ambiri amangodumphapo ndi chiganizo chimodzi. Nankafumbwe ali ndi mankhwala. Wobwereka amene ndi malume anu, kapena apongozi a mlembi, kapena mlongo wa amfumu, alibe mankhwala. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mmodzi wotere akangosiyidwa, chaka chotsatira obweza amakhala theka, chifukwa palibe amene afuna kuoneka wopusa.

Pofuna kupewa zimenezi, choyamba, musabwereketse munthu payekha. Agaweni mamembala m'timagulu ta mabanja asanu odzisankha okha, monga amachitira ena pa ngongole za ndalama. Mmodzi akalephera, anayi otsalawo sabwereka kufikira ngongoleyo itatha. Anthu amadziwana. Amene wakanidwa ndi timagulu tonse, mudzi wakuuzani kale za iye, ndipo ngati akukanidwa chifukwa cha umphawi weniweni malo ake ndi pa mndandanda wa ulere, osati wa ngongole.

Chachiwiri, ngongole isapose zimene munda wake ungabweze. Wokolola matumba atatu musam'bwereke awiri. Kumuchitira chifundo chotero ndi kumukankhira m'dzenje. Malire abwino chaka choyamba ndi makilogalamu 25 mpaka 50, ndipo asapitirire kawiri zimene banjalo linasonkha.

Chachitatu, thamangani ndi nthawi. Mavenda amafika ndi masikelo awo chimanga chisanaume, ngongole ya ku golosale ikudikira, fizi ya mwana ikudikira. Nkhokwe ikadikira mpaka Ogasiti imapeza m'nyumba mulibe kanthu. Mu Malichi komiti iyendere minda ya obwereka, osati moopseza, kungoona ndi kukumbutsa. Masiku obweza akhale awiri okhazikika, lina kumapeto kwa Meyi lina kumapeto kwa Juni, ndipo alengezedwe kutchalitchi, kumzikiti ndi pamaliro. Oyamba kuika thumba pa sikelo akhale a komiti, kenako a banja la amfumu. Anthu amayang'ana amenewo.

Chachinayi, tsegulani njira zina zobwezera, koma zilembedwe kale m'malamulo. Nandolo amakololedwa mochedwa, cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo mabanja ambiri kuno ndalama yawo yeniyeni ili pamenepo. Lolani wolephera mu Juni abweze ndi nandolo kapena ndalama ya nandolo, powerengera mtengo wa chimanga wa tsiku lobwezalo pamsika umene munagwirizana, kaya ndi Nkando kaya Limbuli. Mawu akuti "tsiku lobwezalo" musawasiye. Mukalola munthu kubweza ndalama pa mtengo wa mu Meyi iye akulipira mu Okutobala, ndalamayo siigulanso thumba lomwe anatenga. Othyola tiyi ku esiteti ntchito imawachulukira nthawi ya mvula, choncho angathe kumalipira pang'onopang'ono akalandira. Ndalama ikalowa isagone m'nyumba ya msungichuma kudikira chaka. Gulani nayo chimanga sabata yomweyo, pamaso pa anthu atatu, chiyezedwe ndi mchere ngati china chilichonse. Kubweza ndi ntchito m'dimba la gulu kuloledwe kwa ochepa okha, apo ayi mudzakhala ndi dimba lopalira bwino ndi chipinda chopanda kanthu.

Chachisanu, chilango chiyende ndi makwerero, ndipo chikhale chimodzi kwa aliyense. Likadutsa tsiku lomaliza, kagulu kake kamuyendere. Pakatha milungu iwiri, dzina liwerengedwe pamsonkhano pamodzi ndi kuchuluka kwa ngongole, mosanyoza. Pakatha mwezi, nkhani ipite kwa amfumu, ndipo ikakanika kumeneko kwa agulupu. Wokana dala achotsedwe, ngongole ichotsedwe pa msonkho wake. Kuwerenga dzina la mkulu pagulu n'kowawa, n'chifukwa chake mlembi aziwerenga mndandanda wonse, obweza ndi osabweza, monga mwambo wa msonkhano uliwonse, kuti pasakhale wonena kuti amusankha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo komiti yamanyazi imafa ndi nkhokwe yake.

Pali zinthu zosayenera kuchita ngakhale mutapsa mtima. Musatume anyamata kukalanda mbuzi, mapoto kapena malata, mudzasanduka oimbidwa mlandu kupolisi. Musalandire munda ngati chikole. Munda ndi wa mbumba, si wa wobwereka yekha, ndipo banja lolandidwa kamunda kake kuno silidzadzukanso. Musakweze chiwongoladzanja kufika thumba pa thumba, pamenepo mwakhala akatapila amene munkathawa aja.

Maliro ali ndi vuto lakelake. Palibe wa komiti angakane ufa pamene mtembo uli m'nyumba, ndipo anthu amadziwa zimenezo. Lembani kale kuti maliro a pa banja la membala amalandira makilogalamu 20 kuchokera pa matumba osakhudza aja, osabweza, osawonjezera. Wa kiyi akhale ndi choyankha: "Pepani amalume, buku likukana." Andale nawonso akabweretsa matumba, landirani, yezani, lembani m'buku, koma chimanga chikalowa chimatsata malamulo a nkhokwe, osati mndandanda wa chipani.

9. Chaka chimene mudzi wonse walephera

Zimachitika. Freddy anakokolola minda mu 2023, ndipo chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Chaka chotere musafafanize ngongole, chifukwa mukatero kamodzi anthu adzadikira chifundo chomwecho chaka chilichonse. Msonkhano wonse, osati komiti yokha, ugamule kuchotsa chiwongoladzanja ndi kusunthira ngongole chaka chamawa, kapena kulandira theka tsopano. Siyanitsani amene munda wake unakokolokadi ndi amene akubisala kumbuyo kwa namondwe, ndipo apa ndi pamene kuyendera minda mu Malichi kuja kumagwira ntchito. Landirani makaka, mapira kapena khobwe ngati alipo, koma makaka atuluke oyamba chifukwa amafumbwa msanga. Buku lanu lipite nanu ku komiti ya chitukuko ya dera ndi ku khonsolo. Gulu loonetsa zaka ziwiri za manambala olondola limamveka mosiyana ndi gulu longobwera ndi pempho.

10. Chimanga chotsala ndi kukonzekera chatsopano

Chikatsala kumapeto kwa Febuluwale, gulitsani mtengo usanagwe ndi chimanga chatsopano, muyambire mamembala pa mtengo wotsikirako. Ndalamayo mudzagulire china mu Meyi kapena Juni, mugulirenso matumba ndi maloko. Musasunge poyembekeza kuti mtengo ukwerabe, pali zaka zina umatsika chimanga cha ku Mozambique kapena cha thandizo chikachuluka pamsika.

Chatsopano chisanalowe tulutsani zonse, sesani mpaka m'ming'alu ndi kudenga, tenthani zinyalalazo kutali, matani ming'alu, yanikani mitengo ya thandala padzuwa. Masaka akale aviikeni m'madzi owira, aume. Chakale ndi chatsopano zisasanjikizane mulu umodzi, ndipo thumba lililonse lilembedwe nambala, kulemera ndi tsiku lolowa, kuti loyamba kulowa lidzakhale loyamba kutuluka. Tsiku lomwelo mlembi awerenge buku lonse mokweza, anthu awiri osakhala a komiti awerenge matumba, manambala awiriwo akumane, ndipo akasiyana msonkhano usabalalike mpaka kusiyanako kutapezeka.